Kuteteza mitima ya ana a sukulu ku Kasungu: zoyenera kuchita aphunzitsi ndi azaumoyo

Matenda a mtima amene amagwira kwambiri ana a msinkhu wa sukulu kuno kwathu amayambira pakhosi. Bakiteriya wotchedwa Streptococcus wa gulu A amayambitsa zilonda zapakhosi, ndipo zilondazo zikapanda kuchizidwa ndi mankhwala oyenera, chitetezo cha m'thupi mwa ana ena chimasokonekera n'kuyamba kuwononga thupi lomwe chimayenera kuliteteza. Pakapita milungu iwiri kapena itatu mwana amatentha thupi, mawondo ndi akakolo amatupa, ndipo mavalavu a mtima, timakomo tolola magazi kupita kutsogolo kokha, amayamba kuvulala. Achipatala amati rheumatic fever. Ikamabwerabwera, mavalavu aja amauma kapena kuyamba kudontha mpaka kalekale. Ana a zaka 5 mpaka 15 ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, makamaka amene amagona mothithikana ndi kukhala ambiri m'kalasi imodzi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016, atayeza ana 1,450 m'boma la Lilongwe ndi makina ounikira mtima, anapeza kuti ana pafupifupi 3 mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za matendawa asakudziwa.

Phunziro la m'kalasi lokhudza matendawa palokha silipulumutsa mwana. Limagwira ntchito pokhapokha mwana wouzidwa kuti apite kuchipatala akapeza kumeneko munthu womuyang'ana pakhosi ndi penisilini woti alandire tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndondomekoyi ikuyambira kuchipatala.

Choyamba: konzekerani kuchipatala musanapite kusukulu

Mlangizi wa zaumoyo wa dera la sukuluyo akhale pansi ndi woyang'anira chipatala chaching'ono chimene ana a sukuluyo amapitako, kaya ndi ku Santhe, ku Chulu, ku Wimbe kapena kwina. Atsegule kabati ya mankhwala n'kuona ndi maso, osangofunsa. Mukhale penisilini wa jakisoni wotchedwa benzathine penicillin amene sanathe mphamvu, madzi osungunulira, masirinji a 5 ml, singano zazikulu za 21G, amoxicillin, paracetamol ndi adrenaline, mankhwala opulumutsa mwana thupi lake likadana ndi penisilini. Pakhalenso sikelo yogwira ntchito, chifukwa mulingo wa mankhwala umatengera kulemera kwa mwana, ndi tochi yoyang'anira pakhosi. Ngati adrenaline palibe, jakisoni wa penisilini asabayidwe mpaka atapezeka.

China chikasowa, lembani pempho ku chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo tsiku la phunziro lidikire. Kutumiza ana 20 ku chipatala chopanda mankhwala kumapha chikhulupiriro cha makolo, ndipo ulendo wina sadzavutikanso kuyenda.

Mugwirizanenso kuti mwana wobwera ndi kalata ya kusukulu azionedwa ndi ndani komanso nthawi yanji, kuti asatayire tsiku lonse pamzere.

Chachiwiri: lankhulani ndi akuluakulu

Onanani ndi aphunzitsi aakulu, mphunzitsi woona za umoyo ndi kadyedwe pasukulupo, a komiti ya sukulu, amayi a mother group ndi mafumu. A PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'deralo, adziwitsidwe. Fotokozani momveka kuti kusukulu sikudzabayidwa jakisoni kapena kutengedwa magazi. Mawu amenewa anenedwe poyera pamsonkhano wa makolo, chifukwa mphekesera ikangoyamba, tsiku la phunziro mudzapeza mabenchi okhaokha. Nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa nyengo yozizira, chisanu cha Juni ndi Julaye chisanafike, kapena cha kumapeto kwa Seputembala, poti pa 29 mwezi umenewu ndi tsiku loganizira za mtima padziko lonse.

Chachitatu: phunziro la m'kalasi

Yambani ndi Sitandade 4 mpaka 8, kalasi iliyonse payokha, mapiriyodi awiri. Kusonkhanitsa sukulu yonse pabwalo n'kutaya nthawi, popeza akumbuyo samva kanthu. Mufunika choko, wotchi kapena foni yowerengera masekondi, ndi mapepala olimba angapo opindidwa ngati paipi.

Uzani mwana aliyense akunge chibakera n'kuchiika pakati pa chifuwa, chopendekera pang'ono kumanzere. Kukula kwa mtima wake ndi kumeneko, ndipo malo ake ndi amenewo. Jambulani pabolodi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi, ndi mavalavu anayi amene amalola magazi kupita kutsogolo kokha. Ana onse amaudziwa mjigo: labala wa mkati akatha, munthu amapopa mpaka thukuta koma madzi amabwerera pansi, otuluka ndi ochepa. Mtima wa valavu yowonongeka umavutika chomwecho, ndiye chifukwa chake mwiniwake amachita befu ngakhale atayenda pang'ono.

Kenaka aphunzitseni kupeza kugunda kwa mtima. Aike zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, padzanja mbali ya chala chachikulu, pansi pang'ono pa chikhatho. Asagwiritse ntchito chala chachikulu chifukwa nachonso chimagunda ndipo chimasokoneza. Asakanikize kwambiri, mtsempha umatsekeka. Inu nenani kuti "yambani", werengani masekondi 30, nenani kuti "imani", ndipo aliyense achulukitse nambala yake kawiri. Mwana wa msinkhu umenewu atakhala phee amapeza pakati pa 70 ndi 110 pa mphindi. Atuluke panja adumphedumphe mphindi ziwiri, awerengenso, apume mphindi zisanu, awerenge kachitatu, ndipo alembe manambala atatuwo m'kope. Ambiri ulendo woyamba amapeza manambala osamveka, monga 30 kapena 200, chifukwa ataya mtsempha pakati kapena amawerenga masekondi m'malo mwa kugunda. Abwereze osawaseka. Akatero akhale awiriawiri, mnyamata ndi mnyamata, mtsikana ndi mtsikana, wina aike pepala lopinda lija pachifuwa cha mnzake, khutu mbali inayo, amve mtima ukugunda.

Apa ndiye pofika pa nkhani yeniyeni. Funsani kuti ndani anamvapo kuwawa pomeza, ndipo kunyumba anachita chiyani. Mudzamva za madzi a mchere, za mandimu ndi uchi, za panado, ndi za makapisozi awiri ogula pagolosale. Musanyoze makolo awo. Nenani kuti madzi a mchere ndi panado zimachepetsa ululu koma sizipha bakiteriya, ndipo makapisozi awiri amangomugonetsa osamumaliza. Ana achoke ndi mfundo zitatu zimene angathe kukanena kunyumba madzulo: kukhosi kukawawa thupi n'kutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, mankhwala akumwa amalizidwe masiku onse 10 ngakhale mwachira, mawondo kapena akakolo akatupa, kapena mukamabanika, musadikire. Alembe m'kope, ndipo mawa lake mphunzitsi afunse kuti anauza ndani.

Za mchere, masewera ndi fodya zibwere kumapeto, mwachidule. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera ndi wa m'ndiwo, wa mu usipa wouma ndi wothira pa tchipisi. Bweretsani sipuniyo ndi mcherewo aone kuchepa kwake. Limatinso ana azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, koma mwana woyenda mtunda wautali kupita kusukulu n'kukatunganso madzi safunika kulalikiridwa zambiri pamenepa. Fodya ndiye wofunika kumutchula bwino ku Kasungu kuno, kumene mabanja ambiri amadalira mbewuyi. Kupatula kusuta, mwana wothyola kapena kusoka masamba aawisi, makamaka onyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu. Amachita nseru, chizungulire, mutu, ndipo mtima umagunda mosakhazikika. Ntchito imeneyi si ya ana.

Chachinayi: mphunzitsi ndi mwana wodwala

Mphunzitsi sapereka mankhwala ndipo sanena kuti mwana akudwala chakuti. Ntchito yake ndi kuona ndi kutumiza. Poitana maina m'mawa afunse ngati pali amene akumva kuwawa kukhosi. Wotere amulembere kapepala ka dzina, kalasi, tsiku limene anayamba kudwala ndi dzina la sukulu, ndipo apite ndi kholo atatenga buku lake la kuchipatala. Dzina lilembedwenso m'kope la pasukulu kuti mlangizi wa zaumoyo akamabwera aone amene anapitadi.

Aphunzitsi ali ndi mwayi umene achipatala alibe: amaona mwana yemweyo tsiku ndi tsiku. Mwana amene ankalemba bwino koma tsopano zolemba zake zafika posawerengeka, akugwetsa cholembera, sakukhazikika pabenchi, nkhope ikungochita tsinya ndi kumwetulira mosafuna, manja akungogwedezeka okha, asamenyedwe kuti ndi wopulupudza. Ichi chingakhale chizindikiro cha rheumatic fever ikakhudza ubongo, chimene achipatala amati chorea. Chimagwira kwambiri atsikana, chimaleka mwana akagona tulo, ndipo chimatha kubwera patapita miyezi ingapo zilonda zapakhosi zitaiwalika. Mabanja ambiri amathamangira kwa asing'anga kapena kumapemphero poganiza kuti ndi kulodzedwa kapena ziwanda. Mphunzitsi alankhule ndi makolo mwaulemu kuti mwanayo akaonedwe kuchipatala mlungu womwewo. Chimodzimodzi mwana amene wasiya mpira chifukwa cha befu, wotupa mapazi kapena nkhope, kapena amene akutsimphina mwendo wina lero, mawa wina.

Chachisanu: kuchipatala, mwana wa zilonda zapakhosi akafika

Muyezeni kulemera ndi kutentha kwa thupi. Akhale moyang'ana kuwala, atsegule pakamwa anene "aa", inu muunike ndi tochi. Yang'anani ngati timinofu ta mbali ziwiri za kukhosi tafiira, tatupa kapena tili ndi mafinya. Papasani m'khosi pansi pa chibwano ngati muli mwanabere wowawa. Kutentha thupi, mafinya, mwanabere wowawa, popanda chifuwa kapena chimfine, zimaloza kwa Streptococcus. Mwana wa mamina, chifuwa ndi mawu osasa nthawi zambiri amakhala ndi vairasi, ndipo penisilini samuthandiza. Pamene palibe choyezera ndipo mukukayika, kumbukirani kuti m'dera ngati lathu kuphonya Streptococcus n'koopsa kuposa kupereka penisilini kamodzi.

Vuto lofala ndi ili: mwana watentha thupi, wayezedwa malungo, apezeka nawo, walandira LA, wapita, pakhosi osayang'anidwa. M'nyengo ya dzinja ana ambiri amapezeka ndi malungo, koma izi sizichotsa matenda ena. Mwana aliyense wotentha thupi wa zaka 5 mpaka 15 afunsidwe za kukhosi ndi za mafupa.

Funsani ngati anadwalapo atalandira penisilini: zidzolo, kutupa milomo, kubanika. Ngati ayi, njira yodalirika ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin wa mumnofu, mayunitsi 600,000 kwa wosafika makilogalamu 30 ndi 1,200,000 kwa wa makilogalamu 30 kapena kuposa. Ubwino wake ndi woti nkhani imathera pomwepo. Njira ina ndi amoxicillin, 50 mg pa kilogalamu iliyonse kamodzi pa tsiku, osapitirira 1,000 mg, kwa masiku 10. Kukhosi kumapola pa tsiku lachitatu, ndipo apa ndi pamene mabanja amasiya mankhwala n'kusungira mng'ono wake otsalawo. Nenani zimenezi kwa kholo musanapereke. Amene thupi lake limadana ndi penisilini alandire erythromycin kapena azithromycin motsata buku la malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Ngakhale mwana wabwera mochedwa, mupatseni mankhwala, chifukwa amatetezabe mtima akayambidwa pasanathe masiku 9 chiyambire kudwala. Atha kubwerera kusukulu patatha maola 24 atayamba mankhwala. Onaninso khungu: mphere ndi zilonda za mafinya zimasunga bakiteriya yemweyu ndipo zichizidwe.

Chachisanu ndi chimodzi: kuzindikira rheumatic fever

Ganizirani matendawa pa mwana wotentha thupi kufika 38 amene mfundo zikuluzikulu za mafupa, monga mawondo, akakolo, zigongono ndi m'manja, zikuwawa kapena kutupa, makamaka ululu ukamasamuka kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Kwathu kuno ngakhale mfundo imodzi yotupa ndi yokwanira kukayikira. Mvetserani mtima ndi sitetosikopu cha pansi pa bere la kumanzere mwana atagonera kumanzere, pakuti valavu ya mitral, ya pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere, ndiyo imavulala kawirikawiri. Werengani kugunda kwa mtima mphindi yathunthu. Ukamathamanga kuposa mmene kutentha kwa thupi kungachititsire, ngakhale mwana ali mtulo, ndi chenjezo.

Musafulumire kupereka aspirin kapena ibuprofen musanatsimikize. Mankhwalawa amachotsa kutupa mwachangu kwambiri moti mwana akafika kwa dokotala zizindikiro zimakhala zitabisika, n'kubwezedwa kunyumba ngati wabwinobwino. Perekani paracetamol, bayani jakisoni woyamba wa penisilini ngati sakubanika kapena kutupa miyendo, lembani m'buku lake zonse zimene mwaona ndi tsiku lake, ndipo mutumizeni ku chipatala cha boma ku Kasungu. Ayenera kuunikidwa mtima ndi makina a echo, ndipo ofunika akatswiri amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwana wobanika atagona chagada, wotupa miyendo ndi mimba, ayende atakhala tsonga, ndipo asaikidwe madzi a diripi mwachisawawa, chifukwa mtima wofooka sungawanyamule ndipo amadzaza m'mapapo. Mfundo imodzi yotentha kwambiri imene mwana sakulola n'komwe kuti igwedezedwe ingakhale ndi mafinya mkati. Nayonso ndi yotumiza tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chiwiri: jakisoni wa masiku 28 aliwonse

Mwana amene wadwalapo rheumatic fever amatha kudwalanso nthawi iliyonse akagwidwa ndi Streptococcus, ndipo ulendo uliwonse umawonjezera kuwonongeka kwa mavalavu. Choteteza ndi benzathine penicillin masiku 28 aliwonse, mulingo womwe uja wa kulemera. Pa chaka ndi majakisoni 13, osati 12, choncho kuuza kholo kuti "muzibwera mwezi ndi mwezi" kumasiya masiku opanda chitetezo. Lembani tsiku lenileni. Amabayitsa zaka zosachepera 5, ambiri 10 kapena kuposa, ndipo amene mavalavu awonongeka kwambiri amapitiriza mpaka zaka 40 zakubadwa kapena moyo wonse. Woimitsa ndi dokotala yekha, atauona mtima.

Jakisoniyu amawawa, ndipo ululu ndi umene umathawitsa ana ambiri, choncho kabayidwe kake n'kofunika kukasamala. Mwana akhale atadya ndi kumwa madzi. Funditsani botolo m'manja mphindi zingapo. Sungunulani ndi mulingo wa madzi wolembedwa pa botolo, ndipo pamene malamulo a chipatala chanu akulola, lignocaine wa 1% wopanda adrenaline m'malo mwa madzi amachepetsa ululu kwambiri. Khutchumulani mpaka pasakhale zibuma. Mankhwalawa ndi okhuthala ndipo amatseka singano akakhalitsa, ndiye mwana akhale atagona kale musanakoke. Kokani ndi singano ina, bayani ndi ina yatsopano ya 21G. Agone chafufumimba kapena cham'mbali, mnofu uli womasuka. Malo ake ndi chigawo cha pamwamba chakunja cha thako, kutali ndi mtsempha waukulu wa mwendo. Kanikizani pamalopo ndi chala masekondi 10, pukutani, dikirani paume, bayani mozama, kokani pang'ono kuona ngati mukubwera magazi. Akabwera, tulutsani muyambirenso pena, chifukwa mankhwalawa akalowa mumtsempha amapha. Kankhani pang'onopang'ono, mphindi ziwiri kapena zitatu. Singano ikatseka musakakamize, isintheni. Ulendo wotsatira bayani mbali inayo.

Akhale pachipatala mphindi 30, ndipo asadzuke msanga. Akachita zidzolo, kutupa milomo, kulira m'chifuwa popuma kapena kufooka mwadzidzidzi, bayani adrenaline wa 1:1,000 mumnofu wa ntchafu chakunja, 0.01 ml pa kilogalamu osapitirira 0.5 ml, ndipo bwerezani pakatha mphindi 5 ngati sakusintha. Kukomoka kwa mantha kapena ululu n'kosiyana: khungu limazizira popanda zidzolo, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo amatsitsimuka mukamukweza miyendo. Kwa mwana wa mtima wolimba izi zimadutsa. Kwa amene mavalavu ake awonongeka kwambiri kapena mtima wayamba kulephera, kukomoka kotere kungathe kupha, ndipo otere dokotala amatha kuwasankhira penisilini wakumwa kawiri pa tsiku m'malo mwa jakisoni. Wodwala wobanika kapena wotupa miyendo asabayidwe pa chipatala chaching'ono asanaonedwe ndi dokotala.

Chomaliza: kaundula ndi kulondola

Tengani kope lachikuto cholimba. Wodwala aliyense akhale ndi tsamba lake: dzina, zaka, mudzi, mfumu, sukulu, foni ya womusamalira, kulemera, tsiku la jakisoni aliyense ndi tsiku la wotsatira. Tsiku lomwelo lilembedwe m'buku lake la kuchipatala ndi zilembo zazikulu. Lolemba lililonse namwino aone amene akuyembekezeka mlungu umenewo, ndipo wophonya ndi masiku awiri aimbiridwe foni kapena alondoledwe ndi mlangizi wa zaumoyo. Akapezeka abayidwe tsiku lomwelo, ndipo masiku 28 awerengedwe kuchokera pamenepo. Cholinga chikhale majakisoni onse, ndipo wolandira ochepera 11 mwa 13 sakutetezeka mokwanira. Muyezeni kulemera miyezi ingapo iliyonse, chifukwa ana amakula n'kudutsa makilogalamu 30 akulandirabe mulingo wa ang'onoang'ono.

Ophonya amachuluka nthawi ya mvula, milatho ikaduka, nthawi ya mayeso, ndiponso mabanja a matenanti akamasamuka m'maesiteti fodya akagulitsidwa. Funsani pasadakhale ngati banja likuganiza zosamuka, ndipo lembani kalata yopita nayo ku chipatala cha kumene akupita. Wosankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko achitiridwe chimodzimodzi. Kusukulu, mphunzitsi mmodzi yekha wodalirika adziwe tsiku la jakisoni, makolo atavomera, kuti mwana asalembedwe kuti wajomba kapena kupatsidwa chibalo.

Wodwala wotere azitsuka mano kawiri pa tsiku ndipo azinena za mtima wake asanazulidwe dzino, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timakakamira pa valavu yowonongeka. Mtsikana akatha msinkhu, namwino akambirane naye pamodzi ndi mayi ake kapena azakhali ake za pakati. Pakati pamawonjezera magazi amene mtima uyenera kupopa, ndipo valavu yopapatiza ingalephere m'miyezi yomaliza kapena pobereka. Aonane ndi dokotala asanatenge pakati, akayembekezera apitirize penisilini chifukwa savulaza mwana wa m'mimba, ndipo akachirire ku chipatala chachikulu.

Tsiku limene azaumoyo abwera kusukulu, atengenso makina a BP ayeze aphunzitsi ndi makolo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2009 wotchedwa STEPS anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri asakudziwa. Woyezedwa akhale pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi pansi, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima, asakulankhula. Lamba wochepa pa mkono waukulu amakweza manambala. Yezani kawiri motalikitsa mphindi imodzi kapena ziwiri. Wopezeka ndi 140/90 kapena kuposa akayezetsenso tsiku lina kuchipatala, ndipo wofika 180/110 apite tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima kapena m'chifuwa mukupweteka.